Soketi, chipset ndi BIOS: zimene zimachititsa kuti purosesa yatsopano igwire ntchito pa motherboard yakale

Munthu amene akusonkhanitsa kompyuta ya pa desiki nthawi zambiri amakhala ndi funso limene limamuvutitsa kuposa la liwiro la makina amene akugulawo. Amafuna kudziwa ngati pakapita zaka zitatu kapena zinayi adzathe kuchotsa purosesa yokha, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, n'kuikapo ina yamphamvu, osagulanso RAM ndi motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Funsoli ndi la ndalama, chifukwa kusintha motherboard kumakoka zinthu zambiri, monga RAM, nthawi zina choziziritsa, komanso ntchito yomasula kompyuta yonse n'kuimanganso. Ogulitsa ambiri amayankha potchula dzina la soketi, malo amene purosesa imakhalapo, kuti AM5 ya AMD kapena LGA1851 ya Intel, ngati kuti dzinalo lathetsa nkhani. Koma zimene zachitika kuyambira 2015 zikusonyeza kuti soketi ndi chinthu choyamba chabe pa zinthu zingapo zoyenera kugwirizana, ndipo kawirikawiri chimene chimagamula nkhani ndi BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imadzutsa purosesa, pamodzi ndi kufuna kwa kampani imene iyenera kuilemba.

Soketi ndi malo a pa motherboard pamene purosesa imakhala, ndipo nambala imene ili m'dzina la masoketi a Intel ndi chiwerengero cha malo amene purosesa imakhudzana ndi motherboard. LGA1700 ili ndi mapini 1700, LGA1851 ili ndi 1851, ndipo AM5 ya AMD, imene inatuluka mu September 2022, ili ndi 1718. Pa masoketi onsewa mapini amakhala pa motherboard, pamene kunsi kwa purosesa kumakhala timadontho tagolide tosalala. Pa AM4, soketi yakale ya AMD, zinali zosiyana, chifukwa mapini 1331 anali pa purosesa yeniyeniyo, ndipo aliyense amene anachotsapo choziziritsa pa AM4 phala lotenga kutentha litauma akudziwa mmene purosesa inkazukira pamodzi ndi choziziritsacho, kachitsulo kotsekera soketi kadakali kotseka. Mapini ochuluka chonchi sanyamula uthenga okhaokha. Ambiri amanyamula magetsi opita ku purosesa ndi obwerera, ena amalumikiza purosesa ndi RAM, ena ndi khadi ya zithunzi ndi ma SSD, ndipo kampani ikasintha ntchito ya mapini ochepa chabe, purosesa ikhoza kukwana bwinobwino m'soketi koma kompyuta osayaka.

Zimenezi zinachitikadi ndi LGA1151. Soketiyi inabwera mu 2015 ndi mapurosesa a Skylake, kenako inalandira a Kaby Lake kumayambiriro kwa 2017. Mu October 2017 Intel inatulutsa Coffee Lake, m'badwo wachisanu ndi chitatu, wokhala ndi ma core (timagawo togwira ntchito ta m'kati mwa purosesa) ofika mpaka asanu ndi limodzi, ndipo dzina la soketi linali lomwe lija, kukula kwake komwe kuja, mapini 1151 omwe aja. Komabe mapurosesa atsopanowo ankafuna motherboard ya chipset ya gulu la 300 monga Z370, ndipo sankagwira ntchito pa Z170 kapena Z270. Intel inafotokoza kuti mapini ena anapatsidwa ntchito yonyamula magetsi owonjezera. Anthu ena okonda kufufuza zipangizo anasintha BIOS paokha n'kuyendetsa Coffee Lake pa motherboard zina zakale, zomwe zinasonyeza kuti chotchinga chachikulu sichinali mawonekedwe a soketi. Zofanana nazo zinachitikanso pa LGA1200, pamene mapurosesa a m'badwo wa 11 anagwira ntchito pa Z490 ndi H470 BIOS itasinthidwa, koma anakanidwa pa B460 ndi H410, ngakhale kuti zonsezi zinali ndi soketi imodzi.

Apa m'pamene chipset imalowera m'nkhani, ndipo anthu ambiri amailemekeza kuposa mmene iyenera kulemekezedwa. Kale chipset ndi imene inkayendetsa RAM ndi khadi ya zithunzi, koma ntchito zimenezi zinasamukira m'kati mwa purosesa zaka zambiri zapitazo. Masiku ano chipset ndi kachipangizo kamene kamagawa njira zolumikizira zinthu zotsala, monga malo a USB, malo a madisiki a SATA ndi a M.2 owonjezera, komanso netiweki, ndipo zonse zimene imasonkhanitsa imazitumiza ku purosesa kudzera pa njira imodzi. Pa AM5 njirayi ndi PCIe 4.0 ya mizere inayi (PCIe ndi njira yothamanga imene imalumikizanso khadi ya zithunzi ndi ma SSD), pamene pa Z790 ndi Z890 za Intel ndi DMI 4.0 ya mizere isanu ndi itatu. Tanthauzo lake n'lakuti purosesa imodzimodziyo ikaikidwa pa B650 ndi pa X670E, zomwe ndi chipset yapakati ndi yapamwamba za AM5, pokhapokha magetsi kapena kutentha zitaisokoneza, imathamanga mofanana. Ndalama zowonjezera zimene munthu amalipira pa chipset yapamwamba zimagula malo ambiri olumikizira zinthu, osati liwiro la purosesa.

Ngakhale mayina atsopano a chipset satanthauza kuti kachipangizoko n'katsopano. X670E ya 2022 ndi X870E ya 2024 zonse zimagwiritsa ntchito tizipangizo tiwiri ta Promontory 21 tolumikizidwa motsatizana, pamene B650, B850 ndi X870 zimagwiritsa ntchito kamodzi. Chimene chinasintha kwenikweni ndi malamulo amene AMD inapereka kwa opanga motherboard, makamaka lakuti X870 ndi X870E ziyenera kukhala ndi USB4. N'chifukwa chake mapurosesa a Ryzen 9000, amene anatuluka mu August 2024, anagwira ntchito pa motherboard za gulu la 600 BIOS ikangosinthidwa. Pali malire amodzi amene chipset imaikadi pa purosesa, omwe ndi a overclocking, kutanthauza kuthamangitsa chipangizo kuposa liwiro limene wopanga anaika. Ku Intel imaloledwa mokwanira pa chipset za Z pamodzi ndi mapurosesa okhala ndi chilembo K, pamene ku AMD imaloledwa pa za X ndi za B zambiri, kupatula B840, ndipo siiloledwa pa A620.

Chinthu chimene chimafuna kufotokozedwa mofatsa ndi BIOS. Munthu akadina batani loyatsira, purosesa siidziwa mtundu wa RAM imene yaikidwa, siidziwa magetsi amene iyenera kupempha, ndipo siingathe kuwerenga SSD. Pulogalamu yaing'ono yosungidwa m'kachipangizo ka pa motherboard ndi imene imaidzutsa n'kuiphunzitsa zonsezi. M'kati mwa pulogalamuyi muli gawo limene limachokera kwa wopanga purosesa, lomwe AMD imalitcha AGESA ndipo ku Intel limaphatikizapo microcode. Purosesa ikatuluka motherboard itapangidwa kale, BIOS yakaleyo imakhala isakuidziwa, moti mafani amazungulira, magetsi amayaka, koma pa sikirini sipaoneka kanthu. Kuti vutoli lithe pamafunika zinthu ziwiri zotsatizana: wopanga purosesa atulutse gawo lake, kenako wopanga motherboard, kaya ndi ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, alilowetse m'BIOS ya motherboard iliyonse payokhapayokha, aiyese, n'kuitulutsa. Mmodzi mwa awiriwa akasiya, njira yatsekeka, ngakhale mapini onse atagwirizana.

Mbiri ya AM4 ikuonetsa bwino ubwino ndi kuvuta kwa dongosolo limeneli. Soketiyi inayamba mu 2016, mapurosesa oyamba a Ryzen anabwera mu March 2017, ndipo AMD inalonjeza kuti idzaigwiritsa ntchito mpaka 2020. Mu May 2020 kampaniyi inalengeza kuti mapurosesa a kapangidwe katsopano ka Zen 3, amene anadzatchedwa Ryzen 5000, adzagwira ntchito pa chipset za gulu la 500 zokha, ndipo chifukwa chimene inapereka chinali chakuti kachipangizo kosunga BIOS pa motherboard zambiri zakale kanali kakang'ono, ka 16 MB, kosakwanira kusunga mibadwo yonse ya mapurosesa. Ogula anadandaula kwambiri, makamaka amene anali atangogula B450 podalira lonjezo lija, ndipo pasanathe mwezi AMD inasintha maganizo n'kulola B450 ndi X470. Mu 2022 chilolezocho chinafika mpaka ku A320, B350 ndi X370 za 2017. Vuto la malo ochepa linali lenileni ndithu, ndipo opanga motherboard analithetsa pochotsa zinthu zina m'BIOS. Pa motherboard zina BIOS yatsopano inasiya kuzindikira mapurosesa akale kwambiri, ndipo pa zina za MSI zithunzi zokongola za m'BIOS zinachotsedwa n'kutsala zolemba zokha, mpaka kampaniyo inatulutsa motherboard za dzina lakuti MAX zokhala ndi kachipangizo ka 32 MB.

Zotsatira zake zinali zabwino kwa ogula kuposa mmene ambiri ankayembekezera. Munthu amene anagula Ryzen 5 1600 ndi B350 mu 2017 anatha kuikapo Ryzen 7 5800X3D ya mu April 2022, kapena 5700X3D ya mu January 2024, pa motherboard yomweyo ndi RAM yomweyo. Phindu lake linaonekeranso pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imavomereza mapurosesa kuyambira makamaka pa Ryzen 2000 ndi m'badwo wachisanu ndi chitatu wa Intel, choncho mwini wake wa B350 anangofunika kusintha purosesa, pamene wa Z270, yogulidwa chaka chomwecho, analibe purosesa yovomerezeka yoti aike pa motherboard yake. Komabe tisaiwale kuti motherboard yakale imakhalabe yakale. Ryzen 5000 ikaikidwa pa B450 imayendetsa khadi ya zithunzi ndi SSD pa PCIe 3.0, ngakhale kuti purosesayo payokha imatha PCIe 4.0.

Chimene chinathetsa ulendo wa AM4 pa mapurosesa a m'badwo watsopano ndi RAM, ndipo RAM ndi imene nthawi zambiri imakakamiza kuti soketi isinthe. Popeza gawo loyendetsa RAM lili m'kati mwa purosesa, mtundu wa RAM ukasintha, mapini ndi njira zamagetsi za pa motherboard zimasinthanso. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi mapini 288, koma kampata kolowera kali pa malo osiyana, ndipo DDR5 ili ndi kachipangizo kake kowongolera magetsi pa ndodo ya RAM yeniyeniyo. AMD inasankha kuti AM5 ikhale ya DDR5 yokha. Intel inachita mosiyana pa LGA1700, pomwe mapurosesa a m'badwo wa 12, 13 ndi 14 ankatha kuyendetsa mitundu yonse iwiri, koma motherboard iliyonse inkakhala ndi malo a mtundu umodzi wokha. Amene anagula ya DDR4 mu 2021 anapulumutsa ndalama panthawiyo, koma RAM yakeyo siingapite pa LGA1851 kapena pa AM5, chifukwa zonsezi ndi za DDR5. Amene ali ndi DDR5 lero ali pabwino, chifukwa ngakhale atasintha motherboard kapena kuchoka ku kampani ina kupita ku inzake, RAM yake akhoza kupita nayo.

Pali kanthu kena pa RAM kamene ogula oganizira za m'tsogolo amalakwitsa kawirikawiri. Amagula ndodo ziwiri lero poganiza kuti adzawonjezera zina ziwiri pambuyo pake, popeza motherboard ili ndi malo anayi. Pa DDR5 ndodo zinayi zimalemetsa gawo loyendetsa RAM, ndipo nthawi zambiri liwiro limatsika kwambiri poyerekeza ndi la ndodo ziwiri, makamaka ngati magulu awiriwo sanagulidwe pamodzi. Liwiro limene AMD imavomereza ndi DDR5-5200 pa Ryzen 7000 ndi DDR5-5600 pa Ryzen 9000, ndipo chilichonse choposa pamenepo, chimene chimayatsidwa m'BIOS posankha EXPO kapena XMP, ndi overclocking imene imadalira purosesa, motherboard ndi BIOS pamodzi. Amene akuona kuti adzafuna RAM yambiri achita bwino kugula ndodo ziwiri zazikulu kuyambira pachiyambi.

Gawo la motherboard limene ndimaona kuti n'loyenera kulipiridwa ndi munthu wofuna kudzakweza purosesa ndi VRM. Awa ndi timabokosi ndi tizipangizo tozungulira soketi, nthawi zambiri tophimbidwa ndi zitsulo zochotsa kutentha, timene timatsitsa magetsi a 12 V ochokera ku power supply kufika pa mlingo wongopitirira pang'ono 1 V umene purosesa imafuna. Purosesa ya ma core asanu ndi limodzi ya 65 W siitopetsa VRM iliyonse, koma Ryzen 9 7950X imaloledwa kukoka mpaka 230 W, ndipo Core i9-14900K mpaka 253 W. Motherboard yotsika mtengo ikhoza kulemba purosesa zoterezi pa mndandanda wa zimene imavomereza, n'kuyakadi bwinobwino, koma ntchito yolemera ikapitirira mphindi zingapo VRM imatentha ndipo liwiro limatsitsidwa kuti zipangizo zisapse. Wogula amakhala atalipira purosesa yamphamvu koma akulandira gawo chabe la mphamvuyo. Motero B650 kapena B850 ya VRM yolimba ndi maziko abwino kuposa motherboard ya chipset yapamwamba imene wopanga anachepetsa zipangizo pa gawo limeneli.

Mizere ya PCIe nayo imasiyana pakati pa mapurosesa a soketi imodzi. Ryzen 7000 ndi 9000 zili ndi mizere 28 ya PCIe 5.0, ndipo inayi mwa imeneyi imapita ku chipset, 24 n'kutsalira khadi ya zithunzi ndi ma SSD. Ryzen 8000G, imene imalowa pa AM5 yomweyo, ili ndi mizere yocheperapo ndipo ndi ya PCIe 4.0, moti malo a khadi ya zithunzi amayenda ndi theka la mizere kapena kucheperapo, ndipo pa motherboard zina malo ena a M.2 amasiya kugwira ntchito. Zonsezi zimalembedwa m'kabuku ka motherboard, pa tsamba limene anthu ambiri amalidumpha. Za choziziritsa n'zosavuta kwenikweni, popeza LGA1851 inasunga mabowo a LGA1700, ndipo zoziziritsa zambiri za AM4 zimakwana pa AM5 ngati zimagwiritsa ntchito chitsulo chakumbuyo chimene chimabwera ndi motherboard.

BIOS imakhalabe yofunika ngakhale munthu asakusintha purosesa. Mu April 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000 anapsa m'soketi chifukwa cha magetsi okwera pa gawo la purosesa lotchedwa SoC, ndipo AMD inaika malire a 1.3 V kudzera mu AGESA yatsopano. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa chopempha magetsi okwera, ndipo inatulutsa microcode yatsopano komanso kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. M'nkhani zonse ziwirizi chitetezo chinafika kwa ogula kudzera m'BIOS, ndipo amene anali ndi motherboard za makampani ofulumira kutulutsa BIOS anachilandira msanga. Choncho musanagule motherboard, n'kothandiza kutsegula tsamba la kampaniyo pa intaneti n'kuona mmene yakhala ikutulutsira BIOS za motherboard zake zakale zotsika mtengo, chifukwa mmene inachitira ndi zimenezo ndi mmene ingadzachitire ndi yanu.

Tikabwera pa mapurosesa amene akubwera, makampani awiriwa aima pa malo osiyana. Pa chionetsero cha Computex mu June 2024, AMD inanena kuti idzapitiriza kugwiritsa ntchito AM5 mpaka 2027 ndi kupitirira, pomwe poyamba inkanena za 2025. Kampaniyi inatsimikizanso za Zen 6, kapangidwe ka mapurosesa kotsatira kamene kali mu Ryzen 9000. Wogula AM5 ali ndi chifukwa chomveka choyembekezera kuti pa soketi yakeyo padzabwerabe mapurosesa atsopano. Komabe mawu a lonjezolo akunena za soketi, osati za chipset iliyonse kapena motherboard iliyonse, ndipo zimene zinachitika mu 2020 zikutikumbutsa kuti kusiyana kumeneku kukhoza kukhala kwakukulu. Lonjezolo silikunenanso kuti purosesa iliyonse yotuluka m'zaka zimenezo idzakhala ya kapangidwe katsopano, monga mmene Ryzen 9 5900XT ya mu 2024 inatalikitsira moyo wa AM4 ngakhale kuti m'kati mwake munali Zen 3 ya 2020.

Intel mwachizolowezi imasunga soketi kwa mibadwo iwiri. LGA1700 inafika itatu, kuyambira Alder Lake mu November 2021, Raptor Lake mu October 2022 ndi m'badwo wa 14 mu October 2023, ngakhale kuti wachitatuwo unali Raptor Lake yomweyo yokwezedwa liwiro pang'ono. LGA1851 inabwera mu October 2024 ndi Core Ultra 200S pamodzi ndi Z890, ndipo B860 ndi H810 zinatsatira mu January 2025. Intel inalengeza kuti Nova Lake, purosesa yake ya m'badwo wotsatira, ndi ya kumapeto kwa 2026, ndipo malipoti ambiri a atolankhani a zaukadaulo akhala akunena kuti idzafuna soketi ina. Kwa ine izi sizikutanthauza kuti LGA1851 njosayenera kugula. Zikutanthauza kuti wogula aisankhe chifukwa cha zimene ikuchita lero, ndipo atenge purosesa imene akufuna kukhala nayo nthawi yonse ya kompyutayo, osati yaing'ono yodikirira ina.

Ndipotu kukweza purosesa pa soketi yomweyo sikupindulitsa aliyense mofanana. Kumapindulitsa kwambiri munthu amene anagula soketi idakali yatsopano, n'kuyamba ndi purosesa yapakati, kenako n'kudumpha m'badwo umodzi kapena iwiri asanagule ina, chifukwa kusiyana kwa mphamvu kumakhala kwakukulu ndipo mitengo imakhala itatsika. Amene amagula purosesa yapamwamba kwambiri n'kukhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri kawirikawiri amapeza kuti nthawi yosintha ikafika, RAM, PCIe ndi USB zonse zapita patsogolo, ndipo motherboard yatsopano imafunikabe. Munthu wotereyu alibe chifukwa cholipirira ndalama zambiri pa lonjezo la soketi limene sadzaligwiritsa ntchito, ndipo ndalamazo zingamuthandize kwambiri ataziika pa khadi ya zithunzi kapena pa SSD yaikulu.

Tsiku losintha purosesa likafika, dongosolo la ntchito ndi lofunika kwambiri. Choyamba ndi kuona mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka wa motherboard yeniyeniyo, kuphatikizapo nambala ya revision imene imasindikizidwa pa ngodya ya motherboard, chifukwa motherboard ziwiri za dzina limodzi zikhoza kukhala ndi BIOS zosiyana. Pa mndandandawo pamalembedwa BIOS yoyambira imene purosesa iliyonse imafuna, ndipo BIOS imeneyo iyenera kuikidwa purosesa yakale idakali m'soketi, osati itagulitsidwa kale. Motherboard zambiri za masiku ano zili ndi batani lakumbuyo lolola kusintha BIOS ndi flash disk popanda purosesa, lomwe ASUS imalitcha USB BIOS FlashBack, Gigabyte Q-Flash Plus ndipo MSI Flash BIOS Button, koma zambiri zotsika mtengo za AM4 ndi LGA1700 zilibe batanili. Amene disiki yake inatsekedwa ndi BitLocker, chitetezo cha Windows chobisa zimene zili pa disiki, ayeneranso kuimitsa kaye BitLocker kapena kusunga kiyi yake yobwezeretsa pamalo ena, chifukwa pa makompyuta ambiri a AMD, TPM, gawo limene limasunga kiyi ya disikiyo, imakhala m'kati mwa purosesa, ndipo purosesa ikasinthidwa Windows imafunsa kiyiyo isanatsegule disiki.